Khoti Linakana Kawiri, Koma Bambo Mwale Ali Pakhomo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Mayi Mwale a ku Dzivarasekwa, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za kumangidwa kwa amuna anga.

Bambo Mwale ankawotcherera zitsulo pakampani ina ku Workington. Makina atabedwa kumeneko, mlonda ananena kuti anawaona akukweza katunduyo m'galimoto. Tsiku limenelo iwo anali kumaliro ku Hatcliffe, koma amene akanawachitira umboni anaopa kukaima m'khoti. Khoti linawapeza Bambo Mwale olakwa n'kuwatumiza kundende.

Ife za malamulo sitinkazidziwa. Pamene tinkapeza loya, nthawi yochita apilo inali itadutsa. Loyayo anapempha khoti lalikulu kuti litilole ngakhale tachedwa, koma linakana. Tinapita kukhoti loposa pamenepo, tili ndi anthu awiri a kumaliro kuja amene tsopano anali atalimba mtima. Oweruza anati anthuwo akanayenera kulankhula pachiyambi, ndipo chigamulo sichingasinthidwe.

"Mayi, njira zatha," anatero loya uja tili panja.

Ndinakwera kombi, minibasi yakuno, osalira n'komwe. Ndinasiya kupita kumapemphero a amayi, chifukwa ndinatopa ndi funso loti zikuyenda bwanji. Amuna angawo amadwala shuga, ndipo ulendo uliwonse wokawaona ndinkawapeza ataonda kuposa kale. Phazi lawo linatupa n'kuchita bala losapola. Pemphero langa linatsala limodzi: Ambuye, asafere m'menemo.

Tsiku lina ndikutuluka kundendeko, namwino wa komweko anandiimitsa. Anali mayi wachishona, sindinkamudziwa. Anati, "Mai Mwale, mlandu ine sindingaukhudze, koma phazi ili ndi ntchito yanga." Anakakamira kwa akuluakulu ake mpaka anawatengera kuchipatala chachikulu. Madokotala anawadula zala ziwiri, n'kutsimikiza kuti matenda awo ndi aakulu.

Patapita miyezi, boma linalengeza zokhululukira akaidi ena, kuphatikizapo odwala kwambiri. Chifukwa madokotala anali atawaona kale, Bambo Mwale anali m'gulu limenelo. Ndinakawatenga ndekha. Anatuluka akutsimphina, malaya akuwakhwepa, ndipo mawu awo oyamba anali ofunsa ngati denga lakukhitchini likudonthabe.

Ndisakunamizeni, dzina lawo silinayeretsedwe. Kwa boma iwo ndi munthu amene anaba, ndipo kuntchito sanawalandirenso. Zimawapweteka. Koma ali moyo, amawotcherera mageti ndi mawindo pakhomo, ndipo bala linapola.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso namwino uja, amene sanatifunse n'komwe ngati tinali olakwa. Inu amene muli ndi wanu kundende ndipo makhoti akukanizani, musaleke kukamuona, musalekenso kupemphera. Ine ndinapempha chilungamo, sindinachilandirebe, koma mwamuna wanga ndinamulandira wamoyo. Ambuye alemekezeke.