Piloto Wofuna Chakudya ndi Dothi

Nkhondo itatha, Laurindo anabwerera ku Moatize ndi phewa lolemala koma makani ali onse, n'kuyamba kuwolotsa anthu pa mtsinje wa Revúbuè ndi boti la injini. Mlamu wake Gregório anachoka ku Zóbuè kudzapempha ntchito yogwira chiwongolero, mkuluyo n'kukana, ati wapeza kabokosi koyendetsa boti kokha, piloto automático, ndipo doko lonse analiuza kale kuti lero lionera zodabwitsa. Tsoka lake, kapepala ka malangizo kanali m'Chipwitikizi, pomwe Laurindoyo sukulu anaphunzira ku Malawi kothawira nkhondo, ndiye wowerenga anali Gregório yemweyo.

"Werengani, alamu," anatero Laurindo. "Anthu akudikira."

"Akuti choyamba, alimentação." Gregório anadzutsa mutu. "Chakudya. Mwawapatsa chiyani m'mawa uno?"

"Ndani?"

"A Piloto."

"Aaa, inunso! Chakudya chake ndi bateriya. Waya wofiirayu ndalumikiza kale. Pitirizani."

"Akuti waya wakuda upite ku terra."

"Terra n'chiyani?"

"Kwawo kwa munthu. Ine terra yanga ndi Zóbuè."

"Ndiye kawaya ka mikono iwiri aka kakafike ku Zóbuè?"

"Ayi, uko n'kwathu ife. A Piloto kwawo n'kuti?"

Laurindo anatembenuza kabokosiko, n'kutsinzina diso limodzi. "Palembedwa Japan."

"Hiii! Waya wake ndiye mugule wambiri."

"Alamu, musandipsetse mtima. Terra ilibe tanthauzo lina?"

"Dothi."

"Nanga osanena bwanji!"

"Simunafunse."

Pa dokopo panali amisiri oti akanamuuza kuti mawuwo amangotanthauza mbali inayo ya bateriya. Koma Laurindo kufunsa munthu? Ndani! Anathamangira kunyumba, anamasula waya woyanikapo zovala wa mkazi wake, anaulumikiza ku wakudawo n'kuukhomera pa chikhomo m'gombe. Amayi a madengu a tomato anakwera. Laurindo analiza injini n'kupinda manja ngati bwana.

Boti linayenda pang'ono, waya uja gwaa! Linazungulira ngati galu wapachingwe, n'kudzagunda gombe lomwelo. Tomato mbwee m'madzi.

"Akudziwa kwawo," anatero Gregório, akugwedeza mutu mwaulemu.

"Khalani chete! Tapani dothi m'ndowa, tipite nalo."

Anaika ndowayo m'boti, anazika waya m'dothimo, anadina batani. Zii, ngakhale kanyali sikanaphethire.

"Dothi la kuno lachuluka malasha," anatero Gregório. "La ku Zóbuè ndiye labwino, limabereka mbatata."

Gombe lonse linali litafa ndi phwete, ena atayamba kale kunyamula katundu kupita ku bwato la Basílio, mdani wa Laurindo pa dokopo. Laurindo anayesa kugwira chiwongolero, phewa lija n'kumulasa mpaka misozi. Apa mantha anamugwira ndithu: anthuwa akapita lero, sabweranso.

"Alamu," ananong'ona, "khalani pansi apa, ndikufunditseni lona. Muziwongolera chobisala, anthu aziona ngati ndi kabokosi."

"Ndiye kuti piloto ndine?"

"Ndinu."

"Automático?"

"Eee, automático! Fulumirani!"

Gregório sanasunthe. Anatambasula kapepala kaja mosathamanga, anaika chala pa mzere woyamba, n'kutsegula dzanja linalo.

"Akuti choyamba, alamu, alimentação."