Bambo Anandiitana Ndili pa Kompyuta

Okondedwa omvera, ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya koleji ina kuno ku Salima. Zaka zimene intaneti inkangofika kumene, ndinkaphunzira pa kompyuta digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka makoleji, ndi yunivesite ina yakunja.

Tsiku lina m'mawa ndikulemba mayeso pa boma, mlongo wanga anaimba foni kuchokera ku Khombedza. "Achimwene, bambo afooka. Akuti mubwere mudzawapempherere."

Ndinati, "Mayesowa akutseka 12 koloko masana. Ndikangotumiza ndikwera minibasi." Ndinazimitsa foni.

Ndinafika 2 koloko, n'kupeza bambo atamwalira kale, amayi akulira pakhonde. Amalume anandiyang'ana nati, "Mwafika, abwana? Bambo anu chitseko chikangolira amafunsa kuti, ndi iyeyo?"

Patapita sabata ndinazindikira kuti 12 koloko ija inali nthawi ya kwawo kunjako. Kuno ikanakhala 7 koloko madzulo. Nthawi ndinali nayo, abale anga.

Digiri ndinaitenga, ndipo ndikukhulupirira kuti Ambuye mwa chifundo chawo anandikhululukira. Koma mpaka lero, akandituma kumpingo kukapempherera wodwala, ndimagwada pambali pa mphasa, mawu osatuluka.