Etelina anaphunzirira m'chigafa

Chaka chomwe matipate analowa, boma n'kulengeza kuti sukulu ya pulayimale ikhale yaulere, ine n'kuti ndili pachikamwini kuno ku Nsaru, kwawo kwa malemu agogo anu Anaphiri, ndipo musandiyang'ane choncho, manja azisoka fodya makutu akumva. Ine kwathu ndi ku Kabudula, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 5 chifukwa amene akanandilipirira fizi anaona kuti ng'ombe zikusowa wozidyetsa. Mpaka lero sindinawakhululukire, ngakhale anagona kalekale.

Ndiye pamene sukulu inatseguka kwa aliyense, ndinatenga Etelina, chitsiriza wanga, amene inu mumati mayi aang'ono, n'kukamulembetsa ndekha. Koma zimene ndinaona kumeneko, ana anali ngati nyerere pa fupa, ena pansi pa mtengo, ena pa njerwa, mphunzitsi mmodzi akukuwa mpaka mawu kusasa, ndipo mabuku ankachita kulimbirana. Etelina anali wachibwibwi. Akamufunsa, mawu ankamukanirira pakhosi, anzake n'kuyamba kumuyeserera, iye n'kutseka pakamwa mpaka poweruka. Anabwereza kalasi yoyamba, n'kubwerezanso yachiwiri, osatha kuwerenga ngakhale dzina lake.

Inu a lero simudziwa kuti mkamwini anali ndani masiku amenewo. Munda wa eni, nyumba pa malo a eni, ana ndabereka ine koma mwini mbumba ndi atsibweni awo. Alamu anga a Yosofati, achimwene awo a agogo anu, ndiwo ankagamula zonse, ndipo tsiku lina anabwera pa njinga n'kunena kuti mwanayu mutu wake ndi wouma, fodya akangotha apite ku Lilongwe akalere mwana kwa mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa kumeneko. Ankauza mlongo wawo, ine ndili pomwepo ngati chitsa. Nditayesa kuyankha anandikumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo agogo anu anangoyang'ana pansi, pakuti chibadwire anali asanatsutsepo achimwene awo. Ine ndinkadziwa kuti mtsikana akapita kukalera ana m'tauni, kusukulu ndiye watsanzika.

Tsono ndinali nditaona chinthu chimodzi. Etelina akamaimba ku Sande sukulu chibwibwi chinkathawa, mawu ankangoyenda ngati madzi a m'khwawa. M'nyumba mwathu munalibe buku lina koma la nyimbo la kutchalitchi, lothothoka chikuto, ndipo ndinalitenga n'kupita nalo m'chigafa, muno momwe takhalamu, kungoti nthawi imeneyo chinali cha udzu. Ndinamuitana Etelina n'kumuuza kuti utsi wandiwononga maso, sindikuonanso zilembo, andithandize kupeza pamene nyimbo yafika. Maso anga anali abwinobwino, koma mwana amene amaopa kufunsidwa saopa kuthandiza bambo ake, eti?

Ndinkasankha nyimbo imene ankaidziwa kale, tinkaimba pang'onopang'ono, ine ndagwira kachala kake kakuda ndi phula la fodya n'kumakayendetsa pansi pa mawu. Tikafika pakati ndinkaima dala, n'kumufunsa kuti kodi tili pati. Poyamba ankangoloza paliponse, koma kenaka anayamba kuzindikira kuti mawu amene abwera m'ndime yoyamba ndi omwewo abweranso m'munsi, ndipo akawapeza ankandimenya pa bondo. Tikatopa n'kuimba ndinkamufunsa zimene waona pa njira ya kusukulu, ndani wadutsa ndi ngolo, galu wa ndani wathamangitsa mbuzi, ndipo ndinkadikira mpaka amalize yekha, osamulanda mawu m'kamwa. Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa kulima, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikapita kumsika ndinkamuimika pa khomo la golosale kuti andiwerengere zolembedwa, matumba a feteleza nawonso sankadutsa osawerengedwa.

Anthu a m'mudzi muno anaseka mpaka kutopa. Ankati mkamwini wa ku Kabudula wasanduka mayi wa chigwirizano cha kutchalitchi, mwamuna wanji wocheza ndi kamwana ngati mnzake, chifukwa kale mwana pamaso pa bambo ake ankangomva ndi kutumidwa basi. Ena mwa osekawo alipo mpaka pano, timapatsana moni, koma ndikuwakumbukira mmodzimmodzi.

Fodya atauma, a Yosofati anabwera m'mawa atamangirira mtsamiro pa kaliyala ya njinga, kuti amukweze mwanayo akakwere basi. Anatipeza tikutsitsa mikangala, timitengo tija timapachikapo fodya. Ndinawauza kuti Etelina akuwerenga tsopano, ndipo anaseka n'kunena kuti kuimba za pamtima ngakhale woledzera amatha. Analanda bukulo m'manja mwanga, n'kutsegula kumapeto kwenikweni, pa nyimbo imene ngakhale ine sindinaimvepo, n'kumupatsa.

"Werenga apa, usaimbe."

Mwana uja anaika chala pa mzere woyamba, ndipo mawu oyamba anamukanirira nthawi yaitali. Koma anatuluka, n'kubwera achiwiri, n'kubwera achitatu, akugwa akudzuka ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, mpaka anamaliza ndime yonse, n'kupitirira yachiwiri popanda womuuza. A Yosofati anati zonsezo n'zabwino koma chibwibwi chikadalipo, ndipo anthu akudikira ku Lilongwe, akwere njinga azipita. Ine mphamvu zanga zinathera pamenepo.

Amene analankhula ndi agogo anu. Anali atagwada pakhomo pa chigafa monga mwa ulemu wawo, ndipo sanakweze mawu ngakhale pang'ono.

"Achimwene, mwanayu sapita. Mawa ali ndi sukulu."

A Yosofati anawayang'ana mlongo wawo, n'kumasula mtsamiro uja, n'kuusiya pansi, n'kupalasa njinga yawo. Anatha nyengo yonse ya dzinja osaponda pakhomo pathu, ndipo ine sindinawasowe.

Etelina anafika mpaka Folomu 4, ndipo lero akaimirira kutsogolo kuwerenga mawu a Mulungu kutchalitchi, chibwibwi chake chili pomwepo, koma mpingo wonse umadikira, ndipo ine ndimakhala pa benchi ya kutsogolo kuti aliyense aone kuti bambo ake ndani.

Inu muli ndi zambiri zimene ife tinalibe, sukulu za mkaka m'mudzi momwe muno, mabuku a zithunzi pamsika, mafoni olankhula okha, koma ndimakuonani, mwana akukukokani chitenje kuti akuuzeni kanthu, inu maso ali pa foni, n'kumupatsa foniyo kuti akhale chete. Mawa mudzati aphunzitsi ndi aulesi. Aphunzitsi ali ndi ana odzaza bwalo, inu muli ndi awiri kapena atatu, ndipo m'mera m'poyamba. Sindikunena kuti mukhale ophunzira kwambiri ayi. Imbani naye, mufunseni zimene waona, mulozereni zilembo pa paketi ya sopo, ndipo akamavutika kutulutsa mawu musamuthamangitse. Iwe Chisomo, kamwana kako kakhala kakukuonetsa tsamba la fodya lija chiyambire nkhaniyi. Siya singano kaye, umve kakuti chiyani.