Mankhwala Odikira Kuitanidwa

Pa parajemu, pokwerera minibasi ku Ulongwe, Mayi Violeta anakhala pabenchi kudikira chapa, minibasi ya ku Tete, ulendo wa kuchipatala. Bambo wina pabenchipo anayamba kutama mwana wake wophunzira zaudokotala.

"Akuti akuyesa mankhwala a khansa otsekeredwa m'timatumba tosaoneka ndi maso. Timayenda m'magazi tili chitsekere, mpaka dokotala atalozetsa makina pamene pali chotupa."

"Makina anji?"

"Onga a ekografiya aja, ounikira amayi oyembekezera. Akangolira, timatumbato timaphulika ngati nyemba zouma padzuwa."

"Nanga kobradori uyu akamakuwa kuti Tete, Tete, sitingaphulikire m'njira?"

"Iyayi, mayi. Timamvera liwu limodzi lokha, loti khutu la munthu silimva n'komwe."

"Ndiye taposa ana anga. Ine ndikaitana, obwera amakhala ana a oyandikana nawo nyumba, eni ake ali phee."

Bamboyo anaseka.

"Ubwino wake, thupi lonse silizunzika. Kuli ngati kupopera phando lodwala lokha, kusiya munda wonse wa kachewere."

Mayi Violeta anakonza duku lawo, lomwe linkangotsetsereka pamutu wopanda tsitsi.

"Mukamuuze mwanayo afulumire, bambo. Ine anandipopera kale munda wonse."