Lero Moni Ndiyamba Ndine

Pamzere wodikira basi, bambo wina ankangokwezera dzanja anthu a kutsidya kwa msewu. Mayi wa kumbuyo kwake analephera kuugwira mtima.

"Bambo, onsewa mukuwadziwa?"

"Ayi mayi, ndikuyesa maso. Anandikonza kuchipatala ndi makina a leza, aja owotcha ndi kuwala."

"Kupereka diso dala kuti aliwotche? Ine toto! Simunaope?"

"Ndinanjenjemera, osanama. Koma ndine kalipentala, magalasi ankangodzaza utuchi, ndiye ndinkayenda osawavala. Apongozi anga ndinkawadutsa ngati chitsa, mpaka anauza mkazi wanga kuti anakwatiwa ndi munthu wamwano."

"Kalanga ine! Nanga pano?"

"Mukuwaona a ambulera yofiira akubwera ukowo?"

"Ine ndikungoona mbuu."

"Ndi iwowo. Ndisungireni malo mayi, lero moni ndiyamba ndine!"