Dzina Latuluka m'Nyuzipepala

Pa siteji ya basi ku Nashua, m'dziko la America, chaka chimene boma linayambitsa lotale yake, bambo wina wachikulire ankawerengera nyuzipepala mayi amene anali atakumbatira sutikesi.

"Tamvani mayina a amwayi, mayi! Odile Thibault, wa mu Canal Street. Ameneyu lero akuvina."

"Sakuvina, bambo. Ndine amene."

"Inuyo? Nanga bwanji simukusangalala?"

"Alemba ndi nambala ya nyumba yomwe?"

"Zonse. Akuti anthu aone kuti palibe chinyengo."

"Amuna anga ndinawathawa chaka chatha atandithyola nsagwada, ndipo sankadziwa kumene ndili. Pa tikiti pankafunika dzina ndi adiresi, ine n'kulemba zoona. Ndinkati pa chikhamu chonsecho mwayi ungagwere ine?"

"Mwina sawerenga nyuzipepala."

"Amayambira tsamba lomwelo. Nawonso anagula tikiti."

"Nanga mphoto yanu?"

"Ikhale. Basi ikuchedweranji?"

"Mayi, galimoto yobiriwira iyo yadutsa kachiwiri, pang'onopang'ono."

"Musaloze, chonde! Ndiyankhuleni ngati ndine mwana wanu."

"Bwera kuno, mwanawe. Khala kuseri kwangaku, undigwire mkono."