Kaloda Kanakana Kuyenda Pakhomo pa Khola

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a kuno ku Chongwe ndi akutali omwe. Ndine Jelita, ena mumandidziwa kuti amake Dalitso a ku Chalimbana. Lero ndikufuna kukuuzani mmene ndinatsalira pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha buleki ya makina, komanso zonyansa zimene ndinaona ndi kumva masiku amenewo. Amene mukudya, yambani mwamaliza.

Ndimagwira ntchito pa famu ya nkhuku chakumbali ya Nkomeshya. Ndimayendetsa kaloda, kamakina kakang'ono ka mawilo anayi kokhala ndi baketi kutsogolo, kamene timachotsera manyowa m'makola nkhuku zikagulitsidwa. Ndinaphunzira ntchitoyi amuna anga atavulala msana pa ngozi ya minibasi, zitaoneka kuti pakhomo tidzadya za m'manja mwanga. Pa famu yonse mkazi woyendetsa makina ndine ndekha, ndipo si onse zinawakomera.

Inali nthawi ya mvula. Denga la khola lalikulu linkadontha, moti utuchi ndi zitosi zinasanduka phala lakuda. M'mawa wina ndinatulutsa mabaketi angapo, kenako ndinaima pakhomo penipeni pa kholalo kuti ndichotse saka limene linakola kutsogolo. Nditabwerera pampando ndinatsitsa chitsulo chimene chimatchinga woyendetsa pamimba, ndi kudina batani lomasulira buleki yoimikira, koma nyali yofiira sinazime. Injini inkalira bwinobwino, koma mawilo anali ngati awawotcherera pansi. Ndinazimitsa, kulizanso, kudinanso. Kaloda kanangobuula osasuntha.

Kapitao wathu, bambo wamkulu wa banja lake, atafika sanafunse n'komwe kuti chachitika n'chiyani. Ananena pamaso pa amuna onse kuti makina amadziwa masiku amene mkazi sali bwino, ndipo ine ndadetsa mpando. Amuna aja anaseka, ena mwa iwo anthu amene ndimaimba nawo pa maliro. Iye anakwera yekha, nadina batani mwaukali, koma nyali inakhalabe yofiira. M'malo mochita manyazi anaitanitsa thalakitala kuti akoke kaloda ndi unyolo. Ndinamupempha kuti asatero chifukwa mawilo ndi omangika, koma sanandimvere. Matayala anangokhwekhwereza pansi, unyolo unaduka n'kumenya m'phala muja, ndipo zonse zinandithira kumaso mpaka m'kamwa. Ndinalavula, ndinasanza, iwo akusekabe.

Vuto linali lalikulu ndithu. Anapiye atsopano ankabwera kumapeto kwa sabata, ndipo khola linayenera kukhala litachotsedwa manyowa, kutsukidwa ndi kupoperedwa mankhwala. Makanika wa ku Lusaka anati sangabwere sabata imeneyo. Kapitao anaimbira mwini famu, amene amakhala m'tauni, n'kumuuza kuti ine ndawotcha buleki poyendetsa makina osaimasula. Mwini famu anayankha kuti anapiye akapeza khola lisanakonzeke, woyendetsayo achoke. Ndiyeno kapitao anandipatsa fosholo ndi wilibala kuti nditulutse manyowa onse ndekha kudzera pa kachitseko ka m'mbali, popeza kaloda kanali katatseka khomo lalikulu.

Abale, ine ndinakulira m'mudzi ndipo manyowa sindiwaopa, koma zija zinali zina. Pansi pa phala panali nkhuku zakufa zimene anthu anazikwirira ndi mapazi m'malo mokazitaya, zotupa, zongophulika fosholo ikazikhudza. Mphutsi zinkakwera m'majombo. Fungo linkalasa m'maso ngati tsabola. Pobwerera kunyumba anthu m'minibasi ankasuntha ndi kutsegula mawindo, ndipo ngakhale ndisambe bwanji fungo silinkachoka m'tsitsi.

Koma chonyansa kuposa zonse sichinali m'khola. Tsiku lina masana kapitao anandiitanira m'sitolo yosungiramo chakudya cha nkhuku, natseka chitseko. Analankhula motsitsa mawu, akumwetulira.

"Jelita, iyi nkhani ni ing'ono. Nikauza bwana kuti makina inafa yeka, nchito yako ilipo. Koma na iwe unikumbukeko. Mwamuna wako uja ali chabe gone, nanga akuthandiza chani?"

Munthu ameneyu mkazi wake ndimapatsana naye moni pamsika, ndipo amuna anga amene ankawanyozawo ndi amene amandidzutsa ndi pemphero m'mawa uliwonse. Ndinangoti, "Ba kapitao, segulani chitseko. Zitosi zija zili bwino kupambana vamene mwakamba." Anatsegula, koma anandiuza kuti ndiyambiretu kutsanzika anzanga.

Kunyumba sindinanene kanthu, poopa kuwonjezera ululu pa munthu wodwala kale. Mtima wanga unada. Ndinanyansidwa ndi famu, ndi amuna oseka aja, ngakhale ndi khungu langa lomwe. Ndinaganiza zongotaya fosholo n'kumapita, koma ndikanachoka ndi mbiri yoti ndinawononga makina, ndipo palibe famu ina m'dera lino ikanandipatsanso kiyi. Tsiku lotsatira, anzanga akudya, ndinapita pa mpopi kuseri kwa khola n'kugwada pamatope. Pemphero langa silinali la mawu okoma. Ndinauza Mulungu kuti ndatopa, kuti anthu ake andinyansa, ndipo ngati akufuna kuti ndichoke andichotse yekha, koma asalole kuti ndituluke pa geti nditasenza bodza la munthu wina.

M'mawa mwake kunabwera kalole kodzagula manyowa. Mwini wake anali bambo wachikulire, ba Chibuye, mlimi wa tomato wa ku Kanakantapa, amene kale ankakonza makina ku migodi asanapume. Anafika atakwiya pang'ono pomva kuti palibe chopakirira. Atandiona ndikutuluka ndi wilibala anandilonjera m'Chibemba nati, "Muli shani, mayo? Iyi nchito ni ya makina, si ya munthu." Anandifunsa kuti kaloda kanatani, ndipo anaima n'kumvetsera mpaka nditamaliza. Chiyambire vutoli, anali munthu woyamba kundifunsa.

Anandifotokozera kuti buleki imeneyi si yofanana ndi ya galimoto. Imagwira yokha ndi masipuling'i, ndipo imamasuka pokhapokha magetsi akafika pa kachitsulo kamene kamatsegulira mafuta kuti akankhe masipuling'iwo. Anati buleki yowotchedwa imaterereka, siimangika chonchi, choncho tiyambe ndi zapafupi. Tinayang'ana mafuta, anali okwanira. Tinapukuta kaswichi ka pa chitsulo cha pamimba chija ndi ka pansi pa mpando, ndipo timaswichi tonse tiwiri tinali bwino. Atatsegula kabokosi ka mafyuzi anapeza imodzi yapsa. Anaikamo ina ya m'kalole kawo, koma nditangodina batani inapsanso pomwepo. Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti penapake waya wasendeka ndipo akukhudza chitsulo.

Tinazimitsa injini baketi ili pansi, tinachotsa waya wa batire, tinamasula manati, n'kupendeketsa kanyumba ka woyendetsa chakumbuyo ndi kukachirikiza bwino. Fungo limene linatuluka pamenepo linaposa la m'khola. Makoswe anali atamanga chisa cha nthenga ndi masaka pakati pa mapaipi ofunda. Munali tiana tofiira tikuyendayenda, ndipo pambali pake khoswe wamkulu anali atafa kalekale, atawola n'kumatirira pa paipi. Ba Chibuye anatembenuka n'kulavula. Dzanja lawo silikanalowa pamalopo, ndiye ndinavala mapepala apulasitiki m'manja n'kuyamba kukokolola ndekha. Pansi pa chisacho tinaona mawaya opita ku kachitsulo ka buleki atatafunidwa, mkuwa uli poyera, utagona pa chitsulo cha makina.

Iwo anandiuza kuti ndijambule zonse pa foni tisanagwire kanthu. Kenako anadula pomwe panatafunidwa, analumikiza, anakulunga ndi tepi, nalowetsa mawayawo m'kachidutswa ka paipi ya madzi kuti mano asawapezenso. Anaika fyuzi yomaliza imene anali nayo, ndipo tinatsitsa kanyumba kaja n'kubwezera waya wa batire. Ndinakwera pampando, ndinaliza injini, ndinatsitsa chitsulo, ndinadina batani. Ndinamva kaphokoso kakang'ono pansi panga, nyali yofiira inazima, ndipo kaloda kanayenda. Ndinakaimika panja n'kulira ngati mwana, manja akadali onunkha.

Zithunzi zija ndinazitumiza kwa mwini famu, ndipo ba Chibuye analankhula naye pa foni yanga momveka bwino kuti buleki ilibe vuto, olakwa ndi makoswe. Ndinawadzazira kalole mpaka pamwamba, anandidalitsa, napita. Masana omwewo mwini famu anabwera ndi akazi ake. Pamene Mulungu anali atandichotsera bodza loyamba, ndinapeza mphamvu yonena za m'sitolo muja, kapitao ali pomwepo. Iye anakana n'kulumbira, koma amayi awiri osankha mazira anaimirira n'kunena kuti nawonso anawatsekerapo chitseko chomwecho. Amuna oseka aja anauzidwa kuti agwire mapaipi ndi matsache, ndipo anapiye anapeza khola loyera.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha mokoma. Kapitao sanachotsedwe ntchito, anangomusamutsira ku munda wa chimanga kumene kulibe akazi pansi pake. Ndikakumana naye pa geti ndimayang'anabe kumbali, ndipo pa kukhululuka sindinafike. Pamenepo mundipempherere. Koma kiyi ya kaloda ndimasunga ndine, dzina langa ndi loyera, ndipo amuna anga nditawauza zonse anandigwira dzanja n'kuthokoza Mulungu kuti ndinatuluka m'sitolo muja mutu uli m'mwamba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero laukali la pa mpopi, natumiza munthu wodzagula manyowa kuti adzandipulumutse. Ndikuthokozanso amayi awiri aja amene anaika ntchito zawo pangozi pondiimira umboni. Inu amene akukunamizirani kuntchito, makamaka alongo anga amene mwauzidwa kuti mugule ntchito ndi thupi lanu, musavomere ndipo musataye mtima. Piriranibe, pempherani ngakhale mawu akhale owawa, ndipo nthawi yolankhula ikafika lankhulani. Mulungu sananyansidwe kubwera pamene ine ndinaima, ndipo pamene inu mulipo adzafikanso. Amen.